Musakhudze Kompyuta ya Bambo

Mu situdiyo ya bambo ake a Mzime munthu unkatha kugwira chilichonse osakalipiridwa: mpando wa makasitomala, chinsalu cha mathithi chimene anthu ankaima patsogolo pake pojambulitsa, jekete lobwereka la ofuna chithunzi cha chiphaso, ngakhale kamera imene. Koma osati kompyuta. Iyo inkakhala pakona itafundidwa kansalu koluka, ndipo woyatsa anali bambo, wozimitsa bambo omwewo. Mzime, mwana wawo wotsiriza, amene anatsala pakhomo akulu ake onse atapita kumabanja, ankaloledwa kupukuta fumbi la pamwamba basi.

Chifukwa chake sichinali chobisika. M'kompyutamo munali amayi. Zithunzi zawo zapapepala zinawola chaka chimene denga linadontha, mwayi wake bambo anali atazilowetsa kale m'makinamo, kuyambira amayi ali namwali wa khosi lalitali mpaka chaka chimene matenda anawamaliza. Akatseka situdiyo, bambo ankakoka mpando n'kumatsegula zithunzizo chimodzichimodzi, tiyi n'kuzizira pambali.

Mwezi umenewo kompyutayo inayamba chipongwe. Akangoiyatsa m'mawa inkatulutsa uthenga woti sisitimu yake, pulogalamu yaikulu ija imene imayendetsa zonse zam'kati, yakalamba. Kwabwera yatsopano, ndipo yakaleyo eni ake asiya kuisamalira. Ikatero inkangoti duu, ngati mkulu woiwala chimene walowera m'chipinda, kasitomala ali chiimire kudikira chithunzi chake.

"Ikuti wakalamba ndani, ineyo kapena iyoyo?" anafunsa bambo tsiku lina, magalasi ali pamphuno.

"Bambo, bwanji Mawaya adzaione? Ndi ntchito yake imeneyi. Sabata ino yokha waika yatsopanoyo m'makompyuta ambirimbiri."

Bambo anavula magalasi pang'onopang'ono, ndipo Mzime anadziwa kuti waponda pamoto.

Mawaya anali mmisiri wa makompyuta wopanda shopu. Ankayenda khomo ndi khomo ndi chikwama kumsana, timawaya tikusuzumira pazipi, ndiye anthu anangomupatsa dzinalo, lenileni n'kuiwalika. Iye ndi Mzime anali atakondana chaka ndi kanthu, chikondi cha pamalo okwerera basi ndi cha pafoni, chifukwa pakhomo la situdiyo bambo anali atalembapo malire.

"Mnyamata wako uja," anatero bambo, "ntchito yake ndi kulowa m'zinthu za eni. Akudziwa za aphunzitsi, za adokotala, za abusa, zonse zimene anthu amabisa m'makina awo. Nanga za iyeyo akuzidziwa ndani? Iweyo ukuzidziwa? Munthu woseka ndi aliyense ine sindimukhulupirira. Kompyuta yangayi sadzaikhudza, ndipo ndikanakonda akanatalikirana ndi mwana wanga yemwe."

Mzime anatenga nsanza n'kuyamba kupukuta galasi loyera kale. Mumtima munali moto. Zaka zinali kupita, anzake a kusukulu ankabwera mu situdiyo momwemo kudzajambulitsa ana awo, ndipo iye ndi amene ankagwedeza chidole kumbuyo kwa kamera kuti anawo aseke.

* * *

Anakumana madzulo pamalo okwerera basi, pabenchi yawo ija yothyoka thabwa limodzi.

"Akana?" anafunsa Mawaya.

"Akana iwe ndi ntchito yako yomwe."

Mawaya anaseka, kuseka kwake kuja kumene kunkamusungunula Mzime ndi kumupsetsa mtima nthawi imodzi.

"Usaseke. Ine ndatopa kukondana ngati akuba. Tamvera, Lamlungu bambo akupita ndi azakhali kukaona wodwala, ndipo sabwerako msanga. Makiyi ndili nawo."

"Ukufuna ndiikhudze eni ake ataletsa?"

"Ndikufuna Lolemba aiyatse, aione ikuthamanga, afunse okha kuti wachita zimenezi ndani. Bambo anga samva mawu, amamva ntchito."

"Nanga zikalakwika?"

"Unayamba walakwitsapo?"

Mawaya anayang'ana pansi kanthawi, kenako anati ayi. Kuyang'ana pansiko Mzime anakuona, koma munthu ukakonda umaona chinthu n'kuchipatsa dzina lina. Iye anati kumeneko ndi kudzichepetsa.

Asanafike n'kunyumba komwe foni inalira. Unali uthenga wa Mawaya: "Ndibwera ndi disiki yanga yaikulu. Ndiyamba ndakopera zonse. Sinditaya ngakhale chithunzi chimodzi cha amayi ako, ndikulumbira." Mzime anauwerenga mobwerezabwereza mpaka anapitirira khomo la kwawo.

* * *

Lamlungu masana anatsekula situdiyo, n'kukoka makatani kuti odutsa asaone. Mawaya anachotsa kansalu koluka kaja ndi manja awiri, n'kukapinda bwinobwino, ndipo Mzime anamukonda koposa chifukwa cha kupindako. Analumikiza disiki yake, zithunzi zinayamba kukopereka, kamzere kobiriwira kakukwawa pa sikirini.

"Tsopano tidikire," anatero Mawaya. "Theka la ntchito yanga ndi kudikira."

"Ndiye ndife ofanana. Inenso yanga ndi yomweyo."

Kudikirako kunatalika. Mzime anamuveka jekete lobwereka lija, manja a jeketelo n'kuthera m'mwamba mwa mikono, anamukonza kolala, kenako anatchera kamera kuti ijambule yokha. Anaima awiri patsogolo pa mathithi, iye atatsamira phewa la Mawaya, ngati anthu amene makolo awadalitsa kale.

"Chimenechi tidzachipachika pabalaza," anatero Mawaya.

"Pabalaza pa ndani? Uli ndi balaza iwe?"

"Ndidzakhala nalo. Bambo ako akangoti inde, ndiyamba ndi balaza, denga pambuyo."

Kukopera kutatha, anaika sisitimu yatsopano ija. Kompyuta inazima n'kuyaka kangapo, kenako inatulutsa maonekedwe achilendo, oyera, zilembo zozungulira bwino. Inayamba kufunsa mafunso, Mawaya n'kumangodina osawerenga, ngati munthu woyenda njira ya kwawo. Anaima pa funso limodzi lokha.

"Ikufuna akaunti. Yatsopanoyi siilola munthu kulowa wopanda imelo. Bambo ako ali nayo?"

"Bambo anga? Foni yawo ndi ya mabatani."

"Ndiika yanga. Ndimatero kwa achikulire onse. Ukati uwatsegulire yawo masana onse amatha, tsiku lobadwa sakulikumbukira, pasiwedi aiwala mawa lomwe. Ndidzaichotsa ndikadzapeza mpata."

Mzime anagwedeza mutu. Za maakaunti iye analibe nazo ntchito. Maso ake anali pa zithunzi za amayi, ndipo atatsegula zonse zinali momwemo. Poyesa ngati kamera ikugwirizana ndi sisitimu yatsopanoyo, analowetsamo chithunzi chawo cha pa mathithi chija, n'kuchibisa mu foda yakeyake. Anafunda kompyuta, anatseka situdiyo, napatsana kisi wachangu kuseri kwa chitseko.

* * *

Lolemba bambo anaima patsogolo pa kompyuta osaikhudza.

"Kansaluka sindifunda chonchi ine."

Kenako anayatsa. Kompyuta imene inkawapatsa nthawi yomwa tiyi inali itayaka asanakhale n'komwe, ndipo pa sikirini panalibe chimodzi chimene ankachidziwa.

"Wandipha, mwana iwe," anatero ndi mawu otsika. "Unamulowetsa muno."

"Ndinamulowetsa, bambo. Mundikalipire, koma muyambe mwaona ichi."

Mzime anagwira mausi n'kutsegula zithunzi. Sisitimu yatsopanoyo inali ndi luso limene yakale inalibe: inkazindikira nkhope, n'kusonkhanitsa zithunzi za munthu mmodzi pamalo amodzi. Pamwamba panali tinkhope tambirimbiri ta makasitomala a zaka zonsezo, ndipo pakati pawo panali amayi. Mzime anadina pamenepo.

Zinatuluka zithunzi zimene bambo ankaziona madzulo aliwonse. Kenako zinatuluka zina. Amayi kumbuyo kwa akwati a eni, akukonza maluwa osadziwa kuti alowa nawo m'chithunzi. Amayi m'galasi la situdiyo, atanyamula nyale kuti iwalire kasitomala. Amayi m'mphepete mwa gulu la ana a sukulu, akuseka mpaka mano onse panja. Kwa zaka zonsezo anali atabisala m'zithunzi za anthu ena, mwamuna wawo osadziwa.

Bambo anakhala pansi. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Apa anali ndi pakati pa iwe," anatero akuloza. "Taona mapazi kutupa. Ndinkamuuza kuti akhale pansi, iye osamva."

Anatsegula china, ndi china. Kasitomala analowa, anaima, anatuluka, bambo osatembenuka. Patapita nthawi anakhosomola.

"Mnyamata uja ndi wosamva. Iwenso ndiwe wosamva." Anapumira m'mwamba. "Umuuze abwere Loweruka tidzacheze. Avale bwino, ndipo chikwama cha mawayacho achisiye kwawo."

Mzime anathamangira kuseri kwa chinsalu cha mathithi, n'kulemba uthenga kwa Mawaya: "Akuti ubwere Loweruka." Analira pang'ono kuseri komweko, kulira kokoma kumene anali asanakulaweko.

* * *

Chimwemwe cha munthu wosauka mwayi sichichedwa kuzizira. Lachinayi m'mawa azakhali, mlongo wawo wa bambo, anabwera ku situdiyo kudzamva za mlendo wa Loweruka. Anali mayi wa pakamwa posatopa, wodziwa za khomo lililonse m'dera lonselo, ndipo anakhala pampando wa makasitomala ngati wabwera kudzajambulitsa.

"Ndiye mwagonja, achimwene? Makina ndi amene akugonjetsani?"

"Sindinagonje. Ndikungofuna kumuona pafupi."

Akucheza chonchi, kompyuta inakhala nthawi osakhudzidwa, ndipo inayamba khalidwe lake lina latsopano, loonetsa yokha zithunzi pa sikirini, chimodzi kenako china. Choyamba chinali nkhongo ya mkazi wolukidwa tsitsi. Chachiwiri nkhongo inanso.

"Mwayamba kujambula anthu chakumbuyo, achimwene?" anaseka azakhali.

"Zimenezi si zanga," anatero bambo, akusendera pafupi.

Kunabwera zikhadabo zopakidwa utoto, kenako mkazi wa tsitsi lofiirira ataima pakhomo la shopu, dzanja m'chiuno.

"Uyu si mayi wa saluni ya kuseri kwa msika uja?" anafunsa azakhali. "Akufuna chiyani m'makina mwanu?"

Chithunzi chotsatira chinayankha. Mawaya anali atakhala pamkeka, kamtsikana kakang'ono kali pamiyendo pake, onse awiri atatupitsa masaya kuti azimitse makandulo a pa keke. Mayi wa saluni anali atagwada kumbuyo kwake, mkono utazungulira khosi lake. Ndipo shati imene Mawaya anavala inali ya mizere yabuluu, imene Mzime anamugulira miyezi yochepa yapitayo, atayenda msika wonse kufuna yomukwana m'mapewa.

Azakhali anapendeketsa mutu, n'kuyang'anitsitsa kamwanako.

"Makutu amenewa safuna mboni," anatero.

Mzime ankayembekezera kuti bambo akalipa, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa. Iwo anangomuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndinakufunsa ngati ukumudziwa," anatero. "Pita ukamuuze adzachotse zonyansa zakezi m'nyumba ya mayi ako."

* * *

Anamuitanira pabenchi yawo. Mawaya anafika akumwetulira, shati ya mizere yomweyo ili pathupi, koma ataona nkhope ya Mzime kumwetulirako kunafota.

"Kamtsikana ka makandulo ndi ka ndani?"

Mawaya anayamba kuseweretsa zipi ya chikwama chake.

"Ndakufunsa. Ndi kako?"

"Ndi kanga."

"Ndipo mayi ake ndi wa ku saluni."

"Tinasiyana kalekale, usanabwere iwe. Ndimapitako chifukwa cha mwana basi."

"Mkono wake uli m'khosi mwako chifukwa cha mwana? Utavala shati yanga?"

"Mzime, ndinkafuna kukuuza. Koma bambo ako ankandikana ndilibe mlandu, nanga akanamva za mwana? Ndinkati ayambe andilandira, kenako ndidzanene."

"Ndiye unkafuna tidzamve tili kale m'nyumba. Chaka chonsechi ndakhala ndikukumenyera nkhondo kwathu, ndikunena kuti bambo sakukudziwa, pamene wosakudziwa ndine." Kenako anafunsa, "Zafika bwanji m'kompyuta ya bambo?"

Mawaya anagwira mutu ndi manja awiri. Anafotokoza modukizadukiza kuti sisitimu yatsopanoyo imatenga zithunzi za m'kompyuta n'kuzisunga pa intaneti, mu akaunti ya mwini wake, kenako n'kuzitsanulira m'kompyuta ina iliyonse imene ili ndi akaunti yomweyo. Yakale sinkachita zimenezo. Funso lake linatuluka Lamlungu lija, ndipo iye anadina osawerenga. Kwa achikulire enawo sizinaoneke chifukwa makompyuta awo sakhala pa intaneti, koma ya ku situdiyo ndi ya ku saluni zimakhala zolumikizidwa tsiku lonse.

"Ndiye nayenso unamuikira akaunti yako."

"Kompyuta yake ndi imene ndinayambira kuikamo yatsopanoyi."

"Zake zabwera kwathu." Mzime anaima kaye, mutu ukuwerenga chimene mtima unkakana. "Nanga zathu zapita kuti?"

Mawaya anasolola foni, analemba, anafufuta, analembanso. Thukuta linayamba kutsika m'mbali mwa makutu aja.

"Ikukana. Mayi wa mwana wasintha pasiwedi."

"Anaidziwa bwanji pasiwedi yako?"

"Ndi dzina la mwana."

Mzime anaseka, kuseka kouma kumene iye mwini sanakuzindikire. Nthawi yomweyo foni yake inalira. Anali azakhali, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anayankhula mwachidule: zithunzi za amayi zasowa, bambo akudina paliponse, abwere msanga.

"Wazifufuta iye," anatero Mawaya. "Akafufuta kwake, zimafufutika konse."

"Disiki ija. Unakopera zonse. Tiye tikatenge disiki."

Mawaya anayang'ana pansi, kuyang'ana komwe kuja, ndipo ulendo uno Mzime anakupatsa dzina lake lenileni.

"Disiki ndili nayo imodzi," anatero Mawaya. "Ndikaona kuti ntchito yayenda bwino ndimaifufuta kuti ndikopere za kasitomala wina. Ndinaifufuta Lachiwiri."

Mzime anaimirira. Mawaya anamugwira mkono, iye anauchotsa pang'onopang'ono ngati akuchotsa chinthu chonyowa, n'kuwoloka msewu osacheuka.

* * *

Anawapeza bambo ali pampando wawo, dzanja pa mausi. Tinkhope ta makasitomala tonse tinali pamalo pake, akwati, ana a sukulu, ofuna ziphaso, koma ka amayi kanalibe. Wofufutayo anangodina pa nkhopeyo n'kuchotsa zonse zimene sisitimu inasonkhanitsa, ngakhale zija anabisala kumbuyo kwa anthu ena. Luso lomwe linawapeza amayi ndi limene linathandiza kuwasesa.

Azakhali anali atatseka chitseko cha situdiyo masana dzuwa likuswa mtengo, chinthu chimene sichinachitikepo chimwalirire amayi.

"Bambo," anatero Mzime, atagwada pambali pa mpando.

Bambo sanamuyang'ane. Anatseka zenera la zithunzi, analitsegulanso, ngati kuti mwina ulendo uno makinawo achita manyazi.

"Mayi ako ndinamuika m'manda kamodzi," anatero. "Kachiwirika wandiikitsa ndiwe."

Tsiku limenelo chakudya sanachikhudze, ndipo pochoka sanafunde kompyuta. Mzime anatola kansalu koluka kaja pansi, n'kukhala nako m'manja osadziwa pokaika.

* * *

M'mawa mwake anapita ku saluni. Munali fungo la tsitsi lopserera ndi mafuta, wailesi ikuimba motsitsa. Mayi wa saluni anali kuluka kasitomala, chipeso ataluma pakamwa, ndipo pa tebulo la pakona panali kompyuta. Pa sikirini pake panali Mzime ndi Mawaya patsogolo pa mathithi.

Mayiyo anachotsa chipeso pakamwa. "Khalani pansi, achemwali. Ndimadziwa kuti mubwera. Pamaso mukuoneka bwino kuposa pachithunzi."

"Sindikhala. Ndabwera kudzatenga zithunzi za amayi anga."

"Anali okongola amayi anu. Khosi limenelo ndi lomwe mwatengera." Zala zake sizinaleke kuluka. "Ine Lolemba ndinayatsa kompyuta kuti ndionetse kasitomala masitayelo. Ndinapeza bambo wa mwana wanga atavala jekete la eni, akumwetulira ndi inu. Saluni inali yodzaza. Mukudziwa mmene amayi amasekera akakhala mu saluni?"

"Ine sindinkadziwa za inu, ngakhale za mwana."

"Ndikukhulupirira. Amatha kubisa ameneyo. Ine anandiuza kuti akungofuna kupuma pang'ono, abwerera akakhazikika maganizo. Mwana amafunsa madzulo aliwonse, ine n'kumamunamiza kuti adadi ali kuntchito." Anakoka chingwe cha tsitsi mwamphamvu, kasitomala anatsinzina. "Zofufutazi anandiphunzitsa yekha, pamene tinali bwino."

"Bambo anga sanakulakwireni. Amayi anga sanakulakwireni."

"Nanga mwana wanga analakwira ndani?"

Zinamupweteka Mzime kuti mkazi ameneyu sanali chilombo chimene anakonzekera kukumana nacho m'njira monse. Mayiyo anapisa dzanja m'bulauzi n'kutulutsa fulashi yaing'ono yomangidwa pa chingwe cha m'khosi.

"Sindine mfiti. Ndisanafufute ndinakopera. Amayi anu onse ali umu, palibe chasowa. Ndikupatsani."

Mzime anatambasula dzanja.

"Osati choncho. Bambo wa mwana wanga abwerere pakhomo pano ndi zovala zake, osati kudzasuzumira mwana n'kuthawa. Ndipo mumuuze ndinu, ndi pakamwa panu, kuti mwamusiya. Akalowa ndi chikwama, fulashi mutenga."

* * *

Mzime anatuluka n'kuima pakhonde la saluniyo, pafupi ndi mataulo oyanikidwa. Akanakonda akanamuda Mawaya. Anayesa kumuda usiku wonse wapitawo, anawerenga mabodza ake, anakumbukira mkono uja m'khosi, koma chikondi sichinamve. Ankamukondabe, wabodza yemweyo, ndipo kumukondako kunali kumuchititsa manyazi. Koma akatseka maso ankaona bambo ake akutsegula ndi kutseka zenera lopanda kanthu.

Anatulutsa foni n'kuimba. Inalira kamodzi kokha.

"Mzime."

"Usayankhule. Longedza zovala zako."

Anayembekezera kuti afunsa kuti alongedze apite kuti, kuti akana, kuti alumbira monga amachitira. Mawaya sanafunse kanthu.

"Ndalongedza kale," anatero. "Cheuka."

Anali akutulukira pakona ya msika, foni kukhutu, chikwama cha mawaya kumsana, china chachikulu cha zovala m'dzanja. Mayi wa saluni anali atamutumizira mawu dzulo lomwelo, ndipo iye sanadikire n'komwe kuti Mzime amusiye. Chitseko cha saluni chinatseguka, kamtsikana kaja kanadutsa pamiyendo ya Mzime kakuthamanga, kakuitana adadi, ndipo Mawaya anaika chikwama pansi n'kukanyamula ndi dzanja lozolowera.

Atafika pakhonde anaima pafupi ndi Mzime, mwana atamukoleka m'khosi.

"Ndikuchitira amayi ako," ananong'ona. "Ndi za masiku ochepa chabe. Akangokupatsa, ndituluka. Undidikire."

Mzime anamuyang'ana, anayang'ana mwana, ndipo sanathe kudziwa kuti bodza lili mbali iti, kapena ngati Mawaya mwini akudziwa. Anatembenukira kwa mayi wa saluni, amene anali ataima pakhomo, n'kutambasula dzanja kachiwiri.

"Wabwera ndi chikwama. Ndamusiya, mwamva nokha. Ndipatseni."

Mayiyo anali ndi makutu a mu saluni, ozolowera kumva manong'onong'o pansi pa phokoso la zowumitsira tsitsi. Anayang'ana Mawaya kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anapatuka kuti alowe ndi mwana, kenako anabwezera fulashi ija m'bulauzi.

"Ndamva zonse, achemwali, ndi za masiku ochepazo ndazimva," anatero. "Mudzabwere akadzaiwala njira ya kwanu."

Ndipo anatseka chitseko.